Kodi Woweruza Amvere Lamulo Kufikira Pati?

Pali funso lakale limene anthu anzeru akhala akulimbana nalo pa mibadwo yonse, ndipo funsolo ndi ili: kodi nchito ya munthu woikidwa kuweruza milandu ndiyo kutsata lamulo monga linalembedwera basi, kapena ayeneranso kufunsa ngati lamulolo liri lolungama? Kwa munthu amene sanakhalepo pa mpando woweruzira funsoli lioneka lapafupi. Koma moyo wa woweruza wina wochuka wa ku America, dzina lake Oliver Wendell Holmes, usonyeza kuti ngozi iripo mbali zonse ziwiri, ndi kuti nzeru imodzi yomweyo ikhoza kupulumutsa amphawi lero, mawa nkuwapereka m'manja mwa owazunza.

Munthu wake

Holmes anabadwa mu mzinda wa Boston m'caka ca 1841, m'banja la anthu ophunzira ndi olemekezeka. Ali ndi zaka 20 kunabuka nkhondo yoopsa pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera kwa dziko la America, ndipo gwero lake linali nkhani ya ukapolo. Mnyamatayo analowa usilikali ku mbali ya kumpoto, nalasidwa katatu: pa cifuwa, pa khosi ndi pa cidendene. Anthu oposa 600,000 anafa pa nkhondo imeneyo, ndipo abwenzi ake ambiri anatsalira komweko. Ambiri olemba mbiri yake amati anabwerako ndi bala lina losaoneka ndi maso: analeka kukhulupirira munthu ali yense wonena kuti adziwa coona mosakayika, pakuti anaona anthu a dziko limodzi akuphana, mbali iri yonse iri yotsimikiza mtima kuti ndiyo yolungama.

Atasiya usilikali anaphunzira malamulo pa sukulu yaikulu ya Harvard. Kuyambira 1882 anaweruza milandu zaka 20 m'bwalo lalikulu la cigawo ca Massachusetts, ndipo m'caka ca 1902 Pulezidenti Theodore Roosevelt anamsankha kukakhala m'Bwalo Lalikulu la dziko lonse ku Washington. M'bwalo limeneli mumakhala oweruza 9, oikidwa kwa moyo wao wonse, ndipo mlandu umatha potsata mau a ambiri mwa iwo. Mphamvu yao njaikulu ndithu, cifukwa akaona kuti lamulo lopangidwa ndi nyumba ya malamulo litsutsana ndi Lamulo Lalikulu loyendetsera dziko, akhoza kulithetsa. Holmes anakhala pa mpandowo kufikira 1932, napuma ali ndi zaka 90, namwalira m'caka ca 1935.

Nzeru yake

Maganizo a Holmes pa za malamulo anatsamira pa mizati iwiri.

Mzati woyamba ndi wakuti lamulo ndi khalidwe labwino ndi zinthu ziwiri zosayenera kusakaniza. M'caka ca 1897, polankhula kwa ophunzira malamulo ku Boston, anati munthu wofuna kudziwa lamulo leni leni aliyang'ane ndi maso a munthu woipa, amene alibe kanthu ndi cikumbumtima, koma angofuna kudziwa cimene bwalo lidzamcita akapalamula. Ndipo m'caka ca 1918 analemba zotsutsa ciphunzitso cakale ca lamulo la cibadwa, ndilo lamulo limene munthu ali yense akhoza kulizindikira ndi nzeru zake ngakhale silinalembedwe pa pepala. Iye anati okhulupirira lamulo lotere amangotenga zimene iwo ndi anansi ao anazolowera, naziyesa zomanga anthu onse.

Mzati waciwiri unacokera pa woyambawo. Ngati palibe munthu adziwa mosakayika cimene ciri colungama, tsono woweruza ndani kuti aike maganizo ake pamwamba pa cifuniro ca anthu ambiri? Osankhidwa ndi anthu apange malamulo. Akalakwa, anthu omwewo adzawacotsa. Woweruza asalowererepo pokhapokha lamulo litaswa poyera mau a Lamulo Lalikulu. M'kalata imene analembera bwenzi lake Harold Laski m'caka ca 1920 ananena mwa nthabwala kuti ngati anthu a dziko lake afuna kupita ku moto iye adzawathandiza, popeza ndiyo nchito yake.

Pamene nzeruyi inathandiza

Nkosayenera kunyoza maganizo amenewa msanga, pakuti munali kudzicepetsa kwina kumene oweruza anzake ambiri analibe. Cigawo ca New York cinali ndi lamulo loletsa kugwiritsa nchito ophika buledi maola opitirira 10 pa tsiku kapena 60 pa sabata. M'caka ca 1905, pa mlandu wa Lochner, oweruza 5 mwa 9 anathetsa lamulo limeneli, nati lilanda ufulu wa bwana ndi wanchito wake wopangana monga afunira. Koma ufulu wa munthu wanjala wopangana ndi mwini cakudya ndi ufulu wotani? Holmes anakana, nalemba mau ocepa onena kuti Lamulo Lalikulu silinalembedwe kuti liteteze maganizo a gulu limodzi pa za cuma, ndi kuti anthu a New York ali nayo mphamvu yokonza nchito zao monga aona bwino. M'caka ca 1918 bwalo lomwelo linathetsanso lamulo lolimbana ndi kulemba nchito ana osafika zaka 14 m'mafakitale, ndipo Holmes anakananso.

Cocititsa cidwi ncakuti iye mwini sanali kukhulupirira kweni kweni kuti malamulo otere athandiza. Anawateteza cifukwa anaona kuti si kwake kuwaletsa. Patapita zaka bwalo linatembenuka nilitsata njira yake: ciweruzo ca pa nchito ya ana cinafafanizidwa m'caka ca 1941. Ici ndico colowa cabwino cimene Holmes anasiya, ndipo kufikira lero ophunzira malamulo amawerenga mau ake okana aja.

Koma mzati womwewo unali ndi cithunzi cake ca mdima, ndipo cinaoneka msanga. M'caka ca 1903 munthu wakuda wa ku Alabama, Jackson Giles, anadandaula m'malo mwa anzake oposa 5,000 kuti malamulo atsopano a cigawoco awamana ufulu wosankha atsogoleri. Holmes, polembera oweruza ambiri, anayankha kuti bwalo silingathe kukonza coipa cacikulu cotere, ndi kuti thandizo licokere kwa anthu a cigawoco kapena kwa akulu a ndale a dziko. Ndiko kunena kuti wolandidwa akapemphe kwa womlanda. Anthu akuda a kumwera anadikira kufikira 1965 kuti dziko lipange lamulo lamphamvu lowabwezera ufuluwo.

Mlandu wa Carrie Buck

Masiku amenewo kunafala ciphunzitso cina pakati pa anthu ophunzira a ku America ndi ku Ulaya, cakuti umphawi, kuba, ciwerewere ndi kucepa nzeru zimayenda m'magazi, ndi kuti mtundu ukhoza kuyeretsedwa ngati anthu oyesedwa acabe aletsedwa kubala. M'caka ca 1924 cigawo ca Virginia cinapanga lamulo lolola madokotala a m'nyumba za boma zosungiramo ofooka nzeru kuwacita opareshoni yowatseka kuti asadzabale. Olikonza anafuna kuti Bwalo Lalikulu lilibvomereze, kuti pasadzakhale wowazenga mlandu. Cotero anafunafuna munthu woyesera, napeza mtsikana wa zaka 18, Carrie Buck.

Carrie analeredwa ndi banja lina ku Charlottesville, pakuti mai wake anali wosauka, ndipo pambuyo pake anatsekeredwa m'nyumba ya boma yotere pafupi ndi Lynchburg. Ku sukulu mtsikanayo anali kukhoza monga ana ena, kufikira omlera anamcotsako kuti azigwira nchito za pa khomo. Ali ndi zaka 17 anaima, ndipo iye ananena kufikira ukalamba wake kuti anagwiriridwa ndi mbale wa omlerawo. Iwo anakanena ku boma kuti mtsikanayo ngwofooka nzeru, ndipo atabala mwana wamkazi, Vivian, anamtumiza komwe kunali mai wake.

Mlandu wake unali wa ciphamaso. Womuimira, Irving Whitehead, anali bwenzi la loya wa mbali inayo, ndiponso anakhalapo mmodzi wa akulu oyang'anira nyumba yomweyo imene inafuna kumtseka. Sanaitane mboni ngakhale imodzi. Katswiri wina, Harry Laughlin, anatumiza umboni wolemba wonena kuti Carrie ngwa mtundu wa anthu acabe, asanamuone ndi maso. Za khanda lija, limene linali lisanakwanitse caka, mai wina wa nchito yothandiza osauka anangoti silioneka ngati ana ena.

Pa 2 May 1927 Bwalo Lalikulu linagamula, oweruza 8 kubvomereza, mmodzi kukana, ndipo wolemba ciweruzo anali Holmes, ali nkhalamba ya zaka 86. Anati ngati dziko limaitana anyamata ake abwino koposa kukafa ku nkhondo, nkosadabwitsa kupempha nsembe yocepa kwa iwo amene angoyamwa mphamvu za dziko. Anati mphamvu imene boma liri nayo yokakamiza katemera ikwanira kulolezanso opareshoni imeneyi. Natsiriza ndi mau akuti mibadwo itatu ya zitsiru yakwana. M'makalata ake kwa abwenzi analemba kuti ciweruzo cimeneci cinamkondweretsa. Carrie anatsekedwa m'mwezi wa October caka comweco.

Zotsatira zake zinali zazikulu. Anthu oposa 60,000 anacitidwa zomwezo m'dziko la America. Mng'ono wake wa Carrie, Doris, anauzidwa kuti amcita opareshoni ya matenda a m'mimba, ndipo anakhala zaka zoposa 50 osadziwa cifukwa cace sanaone mwana m'banja lake. Dziko la Germany linapanga lamulo lotere m'caka ca 1933, nilitseka anthu pafupifupi 400,000. Ndipo nkhondo itatha, oimira madokotala ozengedwa mlandu ku Nuremberg anachula ciweruzo ca Holmes podziteteza. Nanga mbadwo wacitatu wa zitsiru uja? Vivian analowa sukulu, nalembedwa pa mndandanda wa ana okhoza bwino m'caka ca 1931, namwalira ndi matenda m'caka ca 1932 ali ndi zaka 8. Carrie anakhala ndi moyo kufikira 1983, ndipo amene anaceza naye anapeza mai wa nzeru zake bwino bwino, wokonda kuwerenga nyuzi.

Kodi colakwa cinali pati?

Wina angayankhe msanga kuti: woweruza angotsata cikumbumtima cake, lamulo likaipa alitaye. Koma yankho limeneli liri ndi mbuna yake, ndipo Akatolika ayenera kukhala oyamba kuibvomereza. Roger Taney, Mkatolika woyamba kukhala mkulu wa Bwalo Lalikulu limenelo, anamasula akapolo ake. Koma m'caka ca 1857, pa mlandu wa Dred Scott, anagamula kuti munthu wakuda sangakhale mbadwa ya dziko la America, nathetsa lamulo limene linaletsa ukapolo m'madera ena. Iyeyu sanaope kutsutsa nyumba ya malamulo, ndipo kulimba mtima kwakeko kunathandiza kufulumiza nkhondo ija imene inalasa Holmes. Woweruza mmodzi yekha amene anakana pa mlandu wa Carrie Buck anali Pierce Butler, mwana wa alimi ocokera ku Ireland, Mkatolika yekhayo m'bwalomo masiku amenewo. Ayenera ulemu pa kukana kwakeko, ngakhale sanalembe liu ndi limodzi lomwe lofotokoza cifukwa cake. Komatu Butler yemweyo m'caka ca 1936 analemba ciweruzo cothetsa lamulo la New York loika malire a malipiro a akazi apanchito kuti asacepetsedwe, pamene Papa Leo XIII anali ataphunzitsa kale mu 1891 kuti wanchito ayenera malipiro okwanira kukhala nao moyo. Motero mantha a Holmes sanali opanda pake. Cikumbumtima ca munthu wamphamvu cikhoza kusokera, ndipo iye nkumayesa zokonda za gulu lake ndizo cilungamo.

Thomas Aquinas Woyera anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene zithandiza pano. Malamulo ambiri a anthu ali ngati mmisiri womanga nyumba: nyumba iyenera kukhala ndi khomo, koma kukula kwa khomolo asankha ndi mmisiri. Maola a nchito, msonkho, malipiro, zaka zoyambira nchito, zonsezi anthu abwino akhoza kusiyana nazo maganizo, ndipo nkoyenera kuti olamulira osankhidwa ndi anthu ndiwo agamule. Pa zotere kudziletsa kwa Holmes kunali nzeru yeni yeni. Koma pali zina zimene ziri maziko a nyumbayo, ndipo cacikulu mwa izo ncakuti munthu ali yense ndi munthu, wosati ciwiya ca boma kapena ciweto cosankhidwa mbeu. Lamulo logumula maziko amenewa, anatero Thomas potsata Augustine Woyera, siliyenera dzina la lamulo. Ndi ciwawa cobvala cobvala ca lamulo. Papa Pius XI ananena comweco pa 31 December 1930, m'kalata yake ya za ukwati, kuti olamulira alibe mphamvu pa ziwalo za thupi la munthu wosapalamula.

Holmes, pokana lamulo la cibadwa, anatsala wopanda muyeso wosiyanitsira khomo ndi maziko. Kwa iye lamulo la maola a ophika buledi ndi lamulo lotseka mtsikana zinali za mtundu umodzi: zonse ndi zofuna za ambiri. Kudzicepetsa kumene kulibe malire kumasanduka kugonjera amene ali ndi mphamvu, ndipo amphamvu akakhala acifundo zinthu ziyenda bwino, akakhala ankhanza woweruza asanduka mthenga wao. Ndiponso munthu wonena kuti sakhulupirira kanthu mosakayika kawiri kawiri amakhala ali naco cimene akhulupirira, koma osaciyesa. Holmes anakayika za Mulungu ndi za lamulo la cibadwa, koma ciphunzitso ca magazi oipa, cimene cinali m'fasho pakati pa ophunzira a masiku ake, anacimeza osatafuna.

Ndipo sikunali kofunika kuti iye alowetse cipembedzo m'bwalo kuti apulumutse Carrie. Cida cinalipo kale m'Lamulo Lalikulu lolembedwa, m'mau oonjezedwa m'caka ca 1868, onena kuti cigawo ciri conse cisalande munthu moyo, ufulu kapena cuma popanda mlandu woyenera, ndi kuti malamulo ateteze anthu onse mofanana. Holmes mwini anadziwa kuti ambiri ali ndi malire: m'caka ca 1919, pa mlandu wa Abrams, anakana kubvomereza cilango ca alendo ocokera ku Russia amene anamangidwa cifukwa comwaza timapepala totsutsa boma. Anapeza mpanda woteteza lilime la munthu, koma woteteza thupi la mtsikana wosauka sanaupeze. Patapita zaka 15, m'caka ca 1942, bwalo lomwelo linagwiritsa nchito mau omwe aja a 1868 kuthetsa lamulo la Oklahoma lotseka akaidi, pa mlandu wa Skinner, munthu amene kupalamula kwake koyamba kunali kuba nkhuku.

Nzoona kuti ciwembu ca maloya aja cinaululika patapita zaka zambiri. Koma zolembedwa za mlandu zinali pamaso pa oweruza, ndipo munalibe mboni ya mbali ya mtsikanayo. Akristu adziwa nkhani ya Suzana, amene anapulumuka imfa cifukwa mnyamata Danieli anaimitsa msonkhano, nafunsa mboni ziwirizo payokha payokha. Pa mlandu wa Carrie Buck panalibe woimitsa msonkhano. Ngakhale Butler, amene anaona bwino, anangopukusa mutu. Akadalemba zifukwa zake, oweruza a m'tsogolo akadapeza pogwira, monga anapezera pa mau okana a Holmes pa milandu ya anchito.

Mlandu suola

Lamulo la Virginia linacotsedwa m'caka ca 1974, ndipo pa 2 May 2002, patapita zaka 75 cigamulireni mlandu uja, bwanamkubwa wa cigawoco, Mark Warner, anapepesa poyera. Koma Bwalo Lalikulu silinafafanize ciweruzo ca Holmes ndi mau olunjika, ndipo kupepesa sikunabwezere munthu ali yense ana amene anamanidwa.

Owerenga ambiri sadzakhala pa mpando wa bwalo lalikulu, koma ocepa okha ndiwo adzatsiriza moyo wao osaweruzapo mnzao. Ankhoswe amaweruza za mabanja, mafumu za minda, aphunzitsi ndi akulu a mpingo za Akristu ogwa, makolo za ana ao. Kwa onsewa mbiri ya Holmes iri ndi maphunziro awiri oyenera kugwiridwa pamodzi. Loyamba nlakuti woweruza asayese zokonda zake ndizo lamulo. Pa zinthu zimene anthu anapangana, atsate pangano ngakhale iye akadakonda zina. Laciwiri nlakuti pamene onse agwirizana kuti munthu wakuti ngwacabe, makamaka akakhala wamasiye, wosauka, kapena wosatha kudzilankhulira, pomwepo woweruza acedwe, nafunse mafunso atatu amene sanafunsidwe ku Virginia: kodi alipo womlankhulira moona mtima? Kodi mboni zinaona ndi maso zimene zinena? Ndipo cilango cimeneci, cikadzapezeka colakwa, cingathe kubwezedwa? Akapeza kuti ayenera kukana, akane ndi mau omveka, nanene zifukwa zake pamaso pa onse, ngakhale atatsala yekha.